Mvukuto Woziziritsa Chitsulo

Pali mantha amodzi amene aliyense woyendetsa galimoto pa bwalo la mpikisano amawadziwa, ngakhale sakonda kuwatchula pagulu. Si mantha a liwiro ayi, pakuti liwirolo ndilo adadzera. Ndi mantha a kamphindi kaja pamene msewu wowongoka watha, pokhota pafika, iye waponda buleki monga wakhala akuchitira m'mawa wonse, koma chopondera chija n'kungolowa pansi ngati waponda papaya lakupsa. Galimoto ikadali pa makilomita 140 pa ola, ndipo kutsogolo kuli mchenga ndi mpanda wa matayala. Ngati mwayi wamugwera, akadzaiunika galimotoyo pambuyo pake sapeza chothyoka, sapeza bawuti yomasuka, mwinanso buleki ija n'kupezeka ikugwira bwinobwino ngati sipadachitike kanthu. Mabulekiwo adangotentha basi.

M'maiko monga Britain, America, Japan ndi South Africa, eni mabwalo a mpikisano amapatula masiku ena oti munthu wamba abwere ndi galimoto yake, alipire, avale chisoti cholimba, nathamange mmene angathere popanda kucheukira wapolisi. Zotere zimachitika ku Brands Hatch kufupi ndi London, ku Laguna Seca m'chigawo cha California, ku Tsukuba m'dziko la Japan, ndi ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria. Galimoto imene imaoneka kawirikawiri pa masiku otere ndi Mazda MX-5, kagalimoto ka anthu awiri kamene kadayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1989. Ka mtundu woyambawo sikafika makilogalamu 1,000, zipangizo zake n'zosavuta kupeza, ndipo pofika chaka cha 2016 kampani ya Mazda idali itapanga magalimoto a dzina limeneli okwana 1,000,000. Koma mabuleki ake, monga a galimoto ina iliyonse yogulitsidwa kwa anthu wamba, adapangidwira ulendo wa ku ntchito ndi wa ku msika. Zimbale zake zakutsogolo n'zotambalala mamilimita 235 okha, ngati mbale yodyera nsima.

Mwini galimoto wandalama amangogula mabuleki aakulu. Wochepekedwa m'thumba, kapena wokonda kugwira yekha sipanala, amatenga lata, katoni ndi paipi yopindika, nadzipangira njira yotengera mphepo kuchokera kumphuno kwa galimoto kukafika nayo ku mabuleki. Ntchito yake ndi ya masiku awiri, ndipo poiona imakhala ngati yachibwana. Komabe ambiri amailakwa ngakhale ali ndi manja aluso, kaamba kosadziwa kumene mphepoyo iyenera kukathera.

Kuti izi zimveke, n'kofunika kuyamba ndi funso limene ana asukulu safunsa kawirikawiri: kodi liwiro la galimoto limapita kuti galimotoyo ikaima? Makolo akale ankadziwa yankho lake ngakhale sadaione galimoto. Popekesa moto ankazunguza kamtengo pa mtengo unzake kufikira utsi utatuluka. Mphamvu ya manja inkasanduka kutentha. Mabuleki amachita zomwezo. Pa gudumu pali chimbale chachitsulo, chimene amakaniko amati disiki, chozungulira limodzi ndi tayala. Chimbalecho chili m'kamwa mwa chopanira, chimene amati kalipa, ndipo m'chopaniramo muli mapadi awiri, imodzi mbali iyi, ina mbali iyo. Woyendetsa akaponda, mafuta a mabuleki amakankha mapadiwo, mapadi n'kufinya chimbale, ndipo mphamvu imene idali m'liwiro imasanduka moto wosaoneka wolowa m'chitsulo.

Kuchuluka kwa moto umenewu mphunzitsi aliyense wa sayansi atha kukuwerengera pa bolodi. Pofuna kupeza mphamvu ya chinthu choyenda, amatenga theka la kulemera kwake, kuchulukitsa ndi liwiro, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Galimoto ya makilogalamu 1,000 ikamayenda makilomita 72 pa ola, omwe ndi mamita 20 pa sekondi, imakhala ndi majoule 200,000. Ikafika pa makilomita 144 pa ola, liwiro langowirikiza kawiri, koma mphamvu ija yawirikiza kanayi, yafika majoule 800,000. Tsono woyendetsa akafuna kutsika kuchoka pa 144 kufika pa 72 kuti akhote bwino, mabuleki ayenera kumeza majoule pafupifupi 600,000, ndipo ayenera kutero m'masekondi osapitirira 3. Ketulo yamagetsi ya mawati 2,000 imatenga mphindi 5 zathunthu kuti itulutse kutentha kotere, kokwanira kuwiritsa madzi pafupifupi malita 2.

Katunduyu sagawidwa mofanana. Galimoto ikamaima imaweramira kutsogolo, monga amachitira okwera basi dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, kotero magudumu akutsogolo amasenza pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a ntchito yonse. Chimbale chimodzi chakutsogolo, cholemera makilogalamu 4 kapena kucheperapo, chimalandira majoule oposa 200,000, ndipo chitsulo chochepa chotere chimakwera ndi madigiri oposa 100 pa kuponda kumodzi kokha.

Pamsewu wamba izi sizidetsa nkhawa, chifukwa munthu akaponda buleki mwamphamvu kamodzi pamapita mphindi zambiri asanateronso, chitsulo n'kuzizira. Pa bwalo la mpikisano pokhota pena pamafika pasanathe masekondi 20. Chimbale chimakhala ngati mtsuko wobooka pansi umene wina akuthiramo madzi. Malinga ngati othiridwawo akuchepa kuposa odontha, mtsuko sudzaza. Koma akachuluka, madzi amakwera pang'onopang'ono, ulendo woyamba, wachiwiri, wachisanu, mpaka kusefukira. Paipi ya mphepo siikulitsa mtsukowo; imangokulitsa chibowo chake. N'chifukwa chake akulakwa amene amaganiza kuti mapaipi amenewa adzaimitsa galimoto msanga. Kuima msanga ndi ntchito ya matayala. Ntchito ya mphepo ndi yoti kuponda kwa 30 kufanane ndi kuponda koyamba.

Kusefukirako kumadza m'njira ziwiri, ndipo woyendetsa wanzeru amazisiyanitsa ndi phazi lake. Njira yoyamba ndi ya mapadi. Padi ndi msanganizo wa ufa wa zitsulo ndi zinthu zina zomatidwa pamodzi ndi utomoni. Utomoniwo ukapsa kupitirira muyeso umayamba kuwonongeka ndi kutulutsa mpweya, padi n'kumaterera pa chimbale. Chopondera chimakhala cholimba ndithu, koma galimoto siima, ndipo fungo lake limamveka patali, fungo lija amalidziwa aliyense amene adakwerapo lole yodzaza katundu potsika phiri. Mapadi ambiri a pamsewu wamba amayamba kufooka chimbale chikafika pakati pa madigiri 300 ndi 400.

Njira yachiwiri ndiyo yoopsa kwambiri. Kutentha kumadutsa m'mapadi, kulowa m'chopanira, kukafika ku mafuta. Mafuta safinyika, n'chifukwa chake amatha kutumiza mphamvu ya phazi ku gudumu. Koma nthunzi imafinyika. Mafuta akawira, m'chopanira mumadzaza thovu, ndipo phazi limangofinya thovulo mpaka chopondera kugunda pansi. Malamulo a ku America, amene zilembo zake za DOT zimaoneka pa mabotolo m'maiko ambiri, amati mafuta atsopano a DOT 3 asawire asanafike madigiri 205, ndipo a DOT 4 asanafike 230. Koma mafuta amenewa ali ndi khalidwe la mchere: amayamwa chinyezi cha mumpweya. Akakhalitsa m'galimoto, a DOT 3 atha kuwira pa madigiri 140 okha, a DOT 4 pa 155. Akazizira thovu lija limazimirira, buleki n'kubwerera, ndipo wounika pambuyo pake amangokanda m'mutu posapeza cholakwa.

Nkhondo yolimbana ndi kutentha kumeneku ndi yakale. Mmisiri wina wa ku Birmingham, Frederick Lanchester, adalembetsa luso la buleki ya chimbale m'chaka cha 1902, koma kwa zaka 50 magalimoto adapitiriza kuyendera mabuleki a dilamu, amene amatsekera moto m'kati mwa mphika wachitsulo. Kusintha kudaonekera pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, m'dziko la France. Masiku amenewo bwalolo lidali ndi msewu wowongoka wa makilomita 6, wotchedwa Mulsanne, wothera pokhota pakuthwa. Msewuwo udadulidwa patatu m'chaka cha 1990 pofuna kuchepetsa liwiro. M'chaka cha 1953 kampani ya Jaguar idabwera ndi magalimoto a C-Type okhala ndi mabuleki a zimbale opangidwa mothandizana ndi Dunlop. Oyendetsa ake ankachedwa kuponda buleki pamene anzawo adali atayamba kale, ndipo ankatero usana ndi usiku mabuleki osafooka. Tony Rolt ndi Duncan Hamilton adapambana, ndipo kadali koyamba kuti wopambana mpikisanowo apitirire mamailosi 100 pa ola powerengera ulendo wonse.

Patapita zaka ziwiri Mercedes-Benz, imene idali ikadali pa madilamu, idayesa nzeru ina: kumbuyo kwa woyendetsa galimoto ya 300 SLR kudaikidwa chitseko chachikulu chimene chinkadzuka ndi kutsekereza mphepo kuti madilamu apumeko. Ford nayo idapeza kuti magalimoto ake a GT40, olemera ndi othamanga kupitirira makilomita 320 pa ola pa Mulsanne, ankapsereza zimbale mpikisano usanathe. Mmisiri wake, Phil Remington, adakonza njira yosinthira mabuleki mwachangu galimoto ikaima pomwera mafuta, ndipo m'chaka cha 1966 Ford idatenga malo atatu oyamba. Ngakhale m'chaka cha 2020, timu ya Racing Point ya mu Formula One idalipitsidwa mayuro 400,000 ndi kulandidwa mapointi 15 zitapezeka kuti njira za mphepo za mabuleki ake akumbuyo zidatengera za Mercedes za chaka cham'mbuyo. Chinthu chimene anthu amazengerana mlandu wa ndalama zotere sichingakhale chachibwana.

Tsono mphepoyo ipite kuti? Apa ndipo pagona nkhani. Chimbale chakutsogolo cha galimoto ngati MX-5 chimaoneka ngati chitsulo chimodzi, koma munthu akachiyang'ana m'mphepete amaona kuti ndi mbale ziwiri zoyang'anana, zolumikizidwa ndi nthiti. Pakati pa nthitizo pali timakwalala toyambira pamchombo pa chimbale n'kukatulukira m'mphepete mwake. Chimbale chikamazungulira chimaponyera kunja mpweya wa m'timakwalalamo, monga nsanza yonyowa imaponyera madzi mwana akaizunguza, ndipo mpweya wina umayamwidwa pamchombo kudzalowa m'malo mwake. Kunena kwina, chimbalecho ndi fani kale. Vuto lake n'lakuti chimakhala mobisika m'kati mwa gudumu, mmene mpweya ndi wotentha ndi wosayenda, kotero chimangopuma mpweya wake womwe, monga munthu wofunda bulangete kumutu.

Wosadziwa amalozetsa paipi pankhope pa chimbale, pamene mapadi amakhula, poganiza kuti pamenepo ndiye potentha koposa. Zotsatira zake n'zakuti mbale yam'kati imazizira, yakunja n'kukhalabe yotentha. Chitsulo chotentha chimafutukuka kuposa chozizira, motero chimbale chimayamba kupotoka, mapadi amatha mosiyana, ndipo m'kupita kwa nthawi ming'alu imaoneka. Mphepo iyenera kuperekedwa pamchombo, pakhomo pa timakwalala tija, kuti chimbale chiimeze chokha ndi kuigawira mbale zonse ziwiri mofanana. Mmisiri wosula makasu amadziwa kuti mvukuto wolozetsedwa pambali pa ng'anjo umangouluza phulusa. Mlomo wake uyenera kulowa pamtima pa makala. Kusiyana kwake n'kwakuti mvukuto uwu ndi woziziritsa.

Pa chifukwa chimenechi ntchito imayambira ku gudumu. Galimoto imakwezedwa ndi jeke n'kukhazikidwa pa zochirikizira zolimba, pakuti jeke payekha ndi wosadalirika kwa munthu wogona pansi pa galimoto. Tayala, chopanira ndi chimbale zimachotsedwa, ndipo chopaniracho chimapachikidwa ndi waya kuti chisalendewere pa paipi yake ya mafuta. Kumbuyo kwa chimbale kumakhala lata lopyapyala loteteza ku fumbi ndi miyala. Ena amaboola lomwelo. Ambiri amalichotsa n'kudula latsopano.

Apa katoni imaposa chitsulo. Mmisiri amadula katoni, kuiyesa, kuichepetsa, kuiyesanso, kufikira itakhala bwino pa mabawuti amene alipo kale, osakhudza chopanira kapena mkono wa chiwongolero. Makatoni 5 otayidwa ndi otsika mtengo kuposa lata limodzi lowonongedwa. Chithunzicho chikakhala bwino amachijambula pa lata la aluminiyamu kapena lachitsulo lochindikala mamilimita 1.5 kapena 2, nalidula. Pa latalo amaboola bowo moyang'anana ndi khomo la timakwalala, n'kulumikizapo kachidutswa ka paipi yachitsulo, mwa kuwotcherera kapena ndi mariveti. Pa chimbale chaching'ono, mpata wa pakati pa habu ndi mphepete yam'kati ya chimbalecho ndi wochepa, woti paipi yozungulira siingakwanemo; motero mapeto a kachidutswa kaja amaphwatalalitsidwa mu vaisi kuti akhale ngati pakamwa pa mlamba, mphepo yonse ilowe m'kati m'malo mogunda nkhope. Lata liyenera kuyandikira chimbale, kusiya mamilimita 2 kapena 3 okha, kuti mphepo isathawire m'mbali. Koma lisachikhudze, pokumbukira kuti chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndipo gudumu limapendekera pang'ono galimoto ikamakhota mwamphamvu.

Pali kanthu kena kamene ambiri amaiwala. Lata lakale lija linkatchinjirizanso mphira wa pa mfundo za mkono wa gudumu ku moto wa chimbale. Latsopano likadulidwa moumira, mphirawo umapsa, girisi n'kutayika, mfundo n'kuyamba kugwedera. Ndi bwino kusiya phiko laling'ono pamenepo.

Kumphuno kwa galimoto nkhani ndi yopeza pamene mphepo imagunda molunjika. Aliyense amene adatulutsapo dzanja pazenera la basi amadziwa kuti chikhatho choyang'ana kutsogolo chimakankhidwa, pamene chogonekedwa chimangodutsidwa. Khomo la paipi liyenera kukhala ngati chikhatho choyambacho: m'munsi mwa bampala, chapakati, moyang'ana kutsogolo. Kumakona a bampala mphepo imakhala ikuthamangira m'mbali ndipo imadutsa bowo osalowamo kwenikweni. Pa magalimoto okhala ndi nyali za m'nkhungu, mabowo a nyalizo amathandiza. Ena amaumba makomo awo ndi faibagalasi, ena amagula apulasitiki. Choyenera kupewa ndi kulanda mphepo ya radiyeta, poti palibe phindu kupulumutsa mabuleki n'kupsereza injini.

Ndiponso walira mvula walira matope. Bowo lolowetsa mphepo limalowetsanso miyala, masamba, ndi tizidutswa ta mphira timene matayala amasiya pabwalo. Motero pakhomopo amatchingapo waya wa sefa, wa mabowo aakulu ndithu, chifukwa sefa wothina amabweza mphepo yambiri.

Pakati pa khomo ndi gudumu pamayenda paipi yopindika, yansalu yolimba, yokhala ndi waya wozungulira m'kati. Ilipo ya mitundu iwiri. Yakuda, yokutidwa ndi neoprene, imapirira madigiri pafupifupi 150. Ya mtundu wa lalanje, yokutidwa ndi silikoni, imapirira kupitirira 250. Kufupi ndi chimbale yofunika ndi yachiwiriyo. Amene amayesa paipi ya makina opopera fumbi m'nyumba, kapena yapulasitiki ya madzi, amaipeza itasungunuka tsiku loyamba lomwelo. Kukula kwake nako ndi masamu a Fomu 2: paipi ya mamilimita 76 ili ndi mpata woposa kawiri mpata wa paipi ya mamilimita 51, ngakhale pa maso imangooneka yokulirapo ndi theka. Koma pansi pa kagalimoto ka magudumu a mainchesi 14 malo ndi olimbirana, ndipo ambiri amakhutira ndi ya mamilimita 63. Paipi yaing'ono yoyenda mowongoka imaposa yaikulu yopanikizika ndi yokhotakhota, pakuti pokhota paliponse mphepo imataya mphamvu.

Chovuta koposa m'ntchito yonseyi n'chakuti mbali imodzi ya paipi ili pa thupi la galimoto, pamene inayo ili pa gudumu, limene limakwera, kutsika, ndi kutembenukira uku ndi uku. Ikafupika, gudumu limaizula pokhota. Ikatalika, tayala limaidya. Palibe njira yachidule. Wina akhale pa chiwongolero n'kuchipotoza mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere, mnzake akuunika ndi tochi. Kenaka gudumu likwezedwe ndi jeke ngati lagunda bampu, ayesenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Paipiyo isakhule paipi ya mafuta a mabuleki, pakuti waya wake wam'kati akatuluka amacheka ngati sowo. Isapanenso nthambo ya ABS pa magalimoto amene ali nayo. Kufupi ndi moto imamangidwa ndi makilampu achitsulo. Timalamba tapulasitiki timagwira ntchito kutali kokha. Ndipo zonse zochitidwa kumanja zichitidwe chimodzimodzi kumanzere, kutalika kwa paipi ndi kukhota kwake komwe, chifukwa buleki imodzi ikazizira kuposa inzake galimoto imakokera mbali imodzi pa nthawi imene woyendetsa akufunitsitsa kuti iwongoke.

Ntchito ikatha, chiyeso chimabwera: kungokhulupirira kuti zatheka. Paipi yalalanje yooneka pansi pa bampala imakondweretsa maso, ndipo mwini wake amamva ngati mabuleki asintha ngakhale mphepo ikuthawira panjira. Phazi ndi mboni yokondera. Amisiri a mpikisano amagwiritsa ntchito utoto wapadera umene amapaka timizere m'mphepete mwa chimbale. Pa utoto wa kampani ya AP Racing, wobiriwira umasintha mtundu pa madigiri 430, walalanje pa 560, wofiira pa 610, ndipo ukasintha subwereranso. Motero umasunga umboni wa kutentha kwakukulu kumene chimbale chidafikako galimoto ili pa liwiro. Pa chopanira amamatapo timapepala tokhala ndi timadontho timene timada kutentha kukafika pa muyeso wake. Chipangizo choyezera kutentha patali, chonga kamfuti, chimathandiza poyerekeza kumanja ndi kumanzere, koma pamene galimoto ikufika poimikira, chimbale chimakhala chitataya kale moto wambiri.

Njira yabwino yoyesera ndi yotsika mtengo koposa. Woyendetsa azungulire bwalo maulendo 10 makomo a mapaipi ali otsegula, alembe manambala. Kenaka atseke makomowo ndi tepi, azungulirenso maulendo 10 mosamala, tsiku lomwelo, pa liwiro lomwelo. Ngati manambala sasiyana, mapaipiwo ndi zokongoletsa chabe, ndipo ayenera kuonedwanso kuyambira pakhomo mpaka pamchombo.

Tepi yomweyo ili ndi ntchito ina, pakuti mabuleki atha kuziziranso mopitirira muyeso. Mapadi opangidwira mpikisano sagwira bwino akazizira, ndipo pa kuzizirako amadya chimbale ngati tupa. Chitsulo chimene chikutentha kwambiri pokhota n'kuzizira kwambiri pa msewu wowongoka, kambirimbiri pa ola limodzi, chimatopa n'kuyamba timing'alu ngati ta pansi pa dambo louma. Timing'alu tating'ono ta pankhope si tachilendo pa chimbale cha pabwalo. Koma mng'alu ukafika m'mphepete, kapena chikhadabo chikamakodwamo, chimbalecho chatha ntchito. Motero m'mawa wozizira, kapena pa bwalo losafuna buleki yambiri, theka la khomo limatsekedwa. Masana dzuwa likaswa mtengo tepi imachotsedwa. Malo nawonso ali ndi mbali yake. Kumtunda mpweya ndi wopepuka ndipo umanyamula kutentha kochepa. Ku Mexico City, kumene bwalo lili pamtunda wa mamita oposa 2,200 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya umachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5, ndipo matimu a Formula One amafikako ndi makomo a mphepo aakulu zedi. Bwalo la Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, lili pa mamita pafupifupi 1,500. Mabuleki ozizira bwino ku Killarney, kufupi ndi nyanja ku Cape Town, atha kuvutika kumeneko.

Kunena zoona, mapaipi sindiwo oyamba kuganiziridwa ndi munthu wofuna kubwerera kwawo wamoyo. Choyamba ndi mafuta atsopano, osinthidwa galimoto isanapite ku bwalo, otsanulidwa m'botolo limene langotsegulidwa kumene. Pambuyo pake pamabwera mapadi oyenera kutentha kwa pabwalo, ndipo akhale ochindikala, chifukwa padi yokutha imalowetsa moto msanga m'chopanira monga mphika wopyapyala upserezera nsima. Amene waika mapaipi koma mafuta ake ndi a zaka 3 wangodzinamiza. Pali enanso amene vuto lawo lili m'phazi: amayamba kuponda buleki ali kutali, mopepuka, n'kukhalapo nthawi yaitali, chimbale osapeza mpata wopuma. Kuponda mwamphamvu kwa nthawi yochepa kumasiyira mphepo masekondi ambiri ogwirira ntchito yake.

Mbendera ikakupizidwa kusonyeza kuti nthawi yatha, woyendetsa wozolowera sathamangira koimika. Amazungulira bwalo kamodzi pang'onopang'ono, osakhudza buleki ngati n'kotheka, kuti mphepo ipitirize kudutsa m'timakwalala. Pakuti galimoto ikangoima mapaipi aja amaleka kupuma, ndipo moto wotsala m'chimbale umasamukira m'chopanira. Kawirikawiri mafuta amawira galimoto ili chiimire, mwini wake akumwa tiyi, n'kudzamudzidzimutsa pokhota poyamba pa ulendo wotsatira. Poimika sakoka handibuleki, kuopa kuti mapadi akumbuyo angamatirire pa chitsulo chamoto. Amazimitsa injini galimoto ili m'giya, naika kachipika kuseri kwa tayala. Ena amaikankha pang'ono pakapita mphindi ziwiri kuti mbali ina ya chimbale ndiyo ilowe m'chopanira. Akatero amagwada ndi tochi pambali pa gudumu, osakhudza kanthu ndi chala, naona timizere tija: wobiriwira wayera, walalanje sunasinthe. Amasuzumira paipi kuona ngati tayala laikhula, amachotsa masamba pa sefa, napondanso chopondera kawiri katatu asanavale chisoti.